Kope Langa Linkati Mwana Akudya

Moni abale ndi alongo nonse owerenga, makamaka inu amayi anzanga amene muli ndi ana aang'ono pakhomo. Ine ndine Naphiri, mkazi wa mphunzitsi. Kwathu ndi ku Dedza koma ndakhalitsa kuno ku Karonga. Ndati ndikuuzeni za mwana wanga Esinati, amene anatsala pang'ono kufa ndi njala m'nyumba momwe munali chakudya, ine mayi wake ndili ndi kope m'manja, ndikulemba tsiku ndi tsiku kuti wadya. Nkhaniyi imandichititsa manyazi ndipo ndakhala ndikuizengereza. Koma Mulungu akakuwonjola, si bwino kukhala chete ngati unadziwonjola wekha.

Boma litatumiza amuna anga kudzaphunzitsa kudera la Vinthukutu, tinabwera ndi ana anayi. Awiri anali athu, Marita wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi Esinati wa zaka ziwiri. Ena awiri, Feliya ndi Joyisi, anali ana a alamu anga, atsikana osinkhukirapo amene tinawatenga kuti aziphunzira. Kuno tinapeza anthu akudya kondowole, nsima ya chinangwa. Ine poyamba ndinkainyoza, ndinkati imeneyi ndi nsima kapena ulimbo? Koma chimanga chinali chosowa, ndiye ndinaphunzira kuviika chinangwa, kuyanika ndi kusinja ngati anzanga. Ndiwo sizinkavuta, usipa unkabwera ndi anthu a njinga kuchokera ku Sangilo.

Nditazindikira kuti ndaima, ndinamuletsa Esinati kuyamwa, monga tinkachitira tonse. Kuyambira pamenepo mwana anayamba kubwerera m'mbuyo. Anasiya kuthamanga, anasiya kuseka, ankangokhala pakhonde n'kumalira kulira kosatulutsa misozi. Tsitsi linafiira n'kukhala lonyololoka. Kenako mapazi anayamba kutupa. Kusikelo, mzere wa pakhadi lake umene unkayenera kukwera unagona, mwezi wotsatira n'kuweramira pansi.

Anamwino a kusikelo anali mayi wa ku Mulanje, wolankhula mofulumira koma wamtima wabwino. Anandifunsa kuti mwanayu amadya chiyani. Ine ndinayankha mokhala ngati ndanyozedwa, ndinati amadya zonse, kwathu sitigona ndi njala. Iwo anati chabwino, pitani muzikalemba chilichonse chimene wadya, m'mawa, masana ndi madzulo, mudzabwere nazo. Anandionetsa chithunzi cha pakhoma cha magulu atatu a zakudya, zopatsa mphamvu, zomanga thupi ndi zoteteza ku matenda. Anatinso mphamvu ya m'chakudya imayezedwa, azungu amati makalori, ndipo iwo adzawonkhetsa okha kuti aone ngati ikumukwanira mwana.

Ntchito imeneyo ndinaikonda, ndisaname. Ine ndinafika Sitandade 8 ndipo ndinkanyadira kalembedwe kanga. Amuna anga anandipatsa kope latsopano, ndinajambula mizere ndi rula, tsiku lililonse ndi malo ake. Lolemba: m'mawa phala, masana kondowole ndi usipa, madzulo kondowole ndi nyemba. Lachiwiri: m'mawa mbatata, masana kondowole ndi chigwada chotendera. Sindinadumphe tsiku ngakhale limodzi. Ndikangopakula, ndinkapukuta manja pachitenje n'kuthamangira kope.

Patapita milungu inayi ndinapita nalo kusikelo ndili nyang'wanyang'wa. Anamwino anawerenga tsamba ndi tsamba, anawonkhetsa papepala, kenako anandiyang'ana. Anati kope ili likanakhala mwana, bwenzi ali wonenepa kuposa ana onse pano. Atamukoleka Esinati pasikelo, anakanikiza phazi lake ndi chala chachikulu, ndipo pamene anakanikizapo panatsala kadzenje kosabwerera. Anamupima malungo, anamupatsa mankhwala a njoka za m'mimba, n'kundiuza kuti ndipitirize kulemba. Ndinatuluka mutu utaima. Ngati chakudya chikukwana, nanga chikumudya mwana wanga n'chiyani?

Funso limenelo ndi limene linalowetsa Satana m'nyumba mwathu. Apongozi anga atamva za kutupako analemba kalata kuchokera kumudzi. Anati matenda otere si a kuchipatala, ndi tsempho, mmodzi wa inu makolo wayenda njira yosayenera n'kumusempha mwana. Ine ndinkadziwa kuti sindinayende. Ndiye anatsala ndani? Ndinayamba kuwalonda amuna anga ngati mbala. Akachedwa kusukulu ndinkawerenga mphindi, akasita malaya ndinkati akusitira yani. Tsiku lina ndinawaponyera kope pamiyendo n'kunena kuti taonani, ine mbali yanga ndikuchita, inu ndi amene mukupha mwanayu. Bambo aja sanakweze mawu. Anangoti, "Mayi a Marita, mwandiyesa munthu wotani?" Anatuluka osadya, ndipo kwa milungu iwiri tinkalankhulana podzera mwa ana.

Pano ndiyenera kufotokoza mmene masiku anga ankayendera, chifukwa m'menemo ndi momwe munabisala vuto. Nthawi imeneyo kunamveka kuti mtsogoleri wa dziko adzayendera chigawo chathu, ndiye amayi tonse tinkakaphunzira nyimbo ndi magule kubwalo la chipani, ulendo wa ola lathunthu wapansi. Sindikudandaula ayi, ndikungonena mmene zinalili. Ankaitana maina, ndipo mkazi wa mphunzitsi wa boma sakanasowa osadziwika. Mimba yanga inali isanaoneke moti n'kundikhululukira. Choncho ndinkaphika msanga, n'kuvundikira chakudya, n'kulemba m'kope, n'kudikira atsikana aweruke kuti ndiwasiyire Esinati. Akangotulukira, ine liwiro. Madzulo ndinkaperekera abambo awo m'nyumba, ine n'kudyera kukhitchini ndikutsuka miphika, ana anayi akudyera pamphasa panja mbale imodzi. Ndi mmene ndinakulira inenso. Amayi anga ankati mwana wodyera mbale yakeyake amakula ndi umbombo.

Ulendo wotsatira kusikelo anamwino sanandibisire. Anati kutupa kwafika m'miyendo ndi kumaso, ndipo Lachisanu likudzalo akapanda kusintha adzatilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu. Ndinali nditaonapo amayi akukwera galimoto ndi ana otupa chonchi, ena n'kubwerako ndi nsalu yokha yoberekera. Ndinatuluka n'kuyamba ulendo wobwerera. Esinati anali kumsana, wopepuka, mutu uli lende.

Sindinapite kunyumba. Ndinakhotera kutchalitchi kwathu, dzuwa lili paliwombo, mulibe munthu. Ndinagwada kutsogolo mwana ali kumsana, ndipo pemphero limene ndinapemphera silinali laulemu. Ndinatsegula kope n'kuliyala pansi. Ndinati Ambuye, werengani nokha. Ndalakwitsa pati? Ndaphika, ndasinja, ndalemba, ndachita zonse zimene anandiuza. Ngati pali tchimo, kanthani ine, mwanayu wakulakwirani chiyani? Ndinalira mpaka mawu anasasa. Sindinamve liwu lililonse, sindinaone kuwala kulikonse. Ndinatola kope langa n'kutuluka ndili wokwiya kuposa mmene ndinalowera.

Yankho linali likundidikira panjira, ndipo likanakhala loti ndisankhe ndekha, munthu ameneyo sindikanamusankha. Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala mayi wina wamasiye, a NyaKaonga, wa msinkhu wa akulu anga. Anali wolongolola, wofwenkha fodya, wosapita kutchalitchi. Tinali titakanganapo koopsa ng'ombe yawo itadya mpiru wanga, ndipo kuyambira pamenepo moni wathu unali wa m'mphuno. Ankatsimphina mwendo umodzi, choncho kubwalo sankapita. Masana onse ankakhala pansi pa mtengo wa mango akusenda chinangwa, maso ali pakhomo pathu.

Tsiku limenelo anaima pakati pa njira ndi ndodo yawo. Anandifunsa m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka kuti kodi mumalemba vichi m'buku limenelo, mama, tsiku lililonse? Ndinafuna kuwalambalala koma ndinalibe mphamvu. Ndinawawerengera tsamba la dzulo lake: masana kondowole ndi usipa. Mayi aja anaseka. Anaseka ndithu, mwana wanga ali chikomokere kumsana! Magazi anandithamanga, ndikanapanda kubereka mwana sindikudziwa chimene ndikanachita. Kenako anasiya kuseka n'kuloza Esinati ndi ndodo.

"Mwana uyu wakurya yayi," anatero, kutanthauza kuti mwanayu sakudya. "Inu mukulemba za mumphika. Za m'kamwa mwake munaziona? Mawa musapite kovina. Mubwere mukhale m'khitchini mwanga, muone nokha."

Mawa lake ndinavutika mtima kuyambira m'bandakucha. Kujomba kubwalo kunali kuika ntchito ya amuna anga pamoto. Komanso kunyada kunkandiuza kuti mayi wosadziwa ngakhale kulemba dzina lake angandiphunzitse chiyani za mwana wanga. Ndinaphika, ndinavundikira, ndinavala nsalu ya kubwalo, ndinatsanzika atsikana monga mwa masiku onse. Ndinayenda mpaka pa mphambano. Pamenepo ndinatembenuka. Ndinazungulira kumunda wa chinangwa n'kulowa m'khitchini mwa a NyaKaonga ngati wakuba. Iwo anangondilozera pomwe bango linatseguka kuti ndisuzumire kwathu.

Abale anga, zimene ndinaona sindidzaziiwala. Feliya anayala mphasa, anasambitsa Esinati m'manja bwinobwino, anapempherera chakudya. Palibe amene anamukankha, palibe amene anamulanda. Koma atsikana atatu aja anali atachoka m'mawa ndi phala lokha, anali ndi njala ya kusukulu, ndipo manja awo ankapita m'mbale ngati nkhuku pa madeya. Kondowole inu mukuidziwa, imafuna chala champhamvu kuti uidule. Esinati ankatsina, iyo n'kutamuka, n'kumupulumuka. Atsinenso, imumatirire kuzala. Pamene ankati wapeza kambamu, anzake anali atadula kasanu. Ndinawerenga ndi maso angawa: timbamu tiwiri, tating'ono ngati nsawawa. Usipa sanaukhudze n'komwe, unatha iye akulimbana ndi kondowole. Potsiriza anaviika zala mumsuzi wotsala n'kumanyambita. Marita anamufunsa kuti wakhuta? Mwana anangogwedeza mutu. Anamupukuta pakamwa, n'kukatsuka mbale.

Ndiye kuti milungu yonse ija ndinkalemba bodza ndi kalembedwe kokongola. Ndinatola chikuni n'kutuluka kuti ndikawakwapule atsikana aja. A NyaKaonga, ndi mwendo wawo womwewo, anandigwira dzanja mwamphamvu moti chikuni chinagwa. Anati mukufuna kumenya ndani, iwonso si ana? Anawaphunzitsa kudya chonchi ndani? Ndinakhala pansi padothi, nsalu ya kubwalo ili m'chiuno, n'kulira mokuwa. Ndinali nditaneneza mwamuna wanga, ndinali nditakalipira Mulungu m'nyumba mwake, pamene chinthu chinali pamphasa pakhomo panga, mapazi khumi kuchokera pomwe ndinkatsukira miphika. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ine kudekhako ndinalibe, ndinkangothamanga ndi kope.

Tsiku lomwelo a NyaKaonga anabweretsa kambale kachitsulo ndi chikho cha chambiko, mkaka wowawasa wa ng'ombe yomwe ija inadya mpiru wanga. Tinaphika phala lolimba, osati lamadzi lija ndinkamupatsa, tinathira nsinjiro ndi usipa wosinja. Ndinamukhazika Esinati pamiyendo. Anadya masipuni atatu n'kutembenuza nkhope. Njala ikakhalitsa imapha ndi chilakolako chomwe, zimenezo sindinkazidziwa. Ndinatsegula tsamba latsopano, ndipo m'malo molemba dzina la chakudya ndinalemba timizere titatu. Kuyambira pamenepo lamulo langa linali limodzi: sipuni imene sindinaione ikumezedwa silowa m'kope. Imene walavula ndinkaifafaniza.

M'mawa mwake ndinapita kwa anamwino osadikira Lachisanu, ndipo ndinawauza zonse. Anagwira pakamwa. Anati nanenso ndinafunsa zimene mumaphika, sindinafunse kuti amadya ndi yani. Anandiuza kuti mimba ya mwana ndi yaing'ono, ndizimudyetsa pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, ndipo m'kaphala kalikonse muzikhala chinthu chamafuta, chifukwa phala lamadzi limadzaza mimba koma makalori ake ndi ochepa. Anati ndizibwera naye masiku atatu alionse, ndipo akayamba kutsegula m'mimba kapena kufooka ndisadikire, galimoto ilipo.

Kubwalo ndinajomba masiku anayi, mtima uli m'mwamba. Njinga ikadutsa pamsewu ndinkati abwera achipani. Tsiku lachisanu anabweradi amayi apampando a chipani m'dera lathu, nkhope ili gwa, kudzafunsa chifukwa chake mkazi wa aphunzitsi akudziona ngati woposa anzake. Ndinangovundukula miyendo ya mwana. Anayang'ana nthawi yaitali. A NyaKaonga anawalankhula mawu angapo m'Chitumbuka kuchokera kuseri kwa mpanda, ine sindinamve onse. Amayi apampando aja anadzuka n'kundiuza kuti khalani, dzina lanu ndiziyankhira ine. Mawa lake anatumiza mazira anayi. Ameneyo ndi Mulungu, abale, ine sindikanatha kukonza zimenezo.

Koma musaganize kuti zinangoyenda myaa. Masiku amenewo ndinali ngati wamisala. Ndinkamutsatira mwana ndi sipuni pakhonde, kuseri kwa nyumba, pansi pa mango. Ndinkamuimbira, ndinkamunyengerera, nthawi zina ndinkamukalipira kenako n'kulira ndekha. Timizere tinkakwera lero, mawa n'kutsika. Ndinkawerenga kope kakhumi patsiku ngati kuti kuwerengako kuwonjezera kanthu. Ndipo patatha mlungu ndi theka ndikuchita zonse molondola, tinapita kusikelo, muvi wa sikelo n'kuonetsa kuti watsikanso kuposa kale.

Pamenepo ndinatheratu. Ndinakhala pansi pakati pa amayi onse n'kunena kuti basi, Mulungu wanditaya. Anamwino anandigwira paphewa, anati taimani kaye mayi. Anatenga phazi la Esinati n'kukanikiza ndi chala monga poyamba paja. Atachotsa chala, mnofu unabwerera. Anati chimene chatsika pasikelopo ndi madzi aja anamutupitsa, akuchoka, tsopano tikuyeza mwana weniweni. Ndinayang'ana phazi lija, lowonda, lamakwinya, lonyansa ndithu, ndipo ndinalipsompsona pamaso pa anthu onse. Ulendo wotsatira mzere wa pakhadi unasiya kutsika. Ulendo winawo unadzutsa mutu.

Kwa amuna anga ndinapepesa nditagwada, ndipo sizinali zophweka kwa munthu wa mtima wanga. Anandikhululukira, koma anandiuza mawu amene anandilasa. Anati iwonso ankadyera m'nyumba okha ngati mfumu, ndiwo zabwino zili kwa iwo, osadziwa zimene zinkachitika panja pa khomo lawo. Kuyambira tsiku limenelo anatulutsa mpando wawo n'kumadyera pakhonde pomwe ankawaona ana. Aphunzitsi anzawo ankawaseka, iwo analibe nazo ntchito. Atsikana aja sitinawauze kuti analakwa, chifukwa sanalakwe. Tinangowonjezera chinangwa chophika choti azinyamula popita kusukulu.

Kulemba chakudya kunandiphunzitsa zinthu zimene sindikanaziphunzira mwina. Kope silinama, koma limangosunga zimene walipatsa, ndipo ukalipatsa zimene ukuganiza m'malo mwa zimene waona, lidzakutsimikizira bodza lako mpaka kumanda. Ndinaphunziranso kuti ndinkalikonda kope lija chifukwa linkandiikira umboni kuti ndine mayi wabwino. Ndinkalemba kuti ndidziyeretse. Tsamba la timizere linali lonyansa, lodontha phala, lofafanizika paliponse, koma ndi limene linanena zoona. Mwambo wa mbale imodzi sindinautaye, ndi wabwino, umaphunzitsa ana kugawana. Koma mwana wongoletsedwa kuyamwa, kapena wodwala, sangapikisane ndi akulu ake. Ameneyo amafuna kambale kake ndi munthu wamkulu wokhala naye pansi.

A NyaKaonga sanalowe tchalitchi mpaka lero, ndipo fodya wawo akufwenkhabe. Ndinayesapo kuwalalikira, anandiuza kuti ndiyambe ndamanga mpanda wa dimba langa. Sindikudziwa mmene Mulungu adzaweruzire, si ntchito yanga. Chimene ndikudziwa n'chakuti nditapempha yankho m'nyumba yake, Iye analitumiza kudzera mwa mayi amene ndinkamupatsa moni wa m'mphuno.

Tsiku limene ndinadziwa kuti mwana wanga wabwerera linali Lamlungu lina, titachoka kutchalitchi. Abambo ake anali pakhonde akudya, ndipo m'mbale mwawo munali nsomba yowotcha. Amuna anga ndi munthu wa mwambo, mwana sayandikira mbale yawo. Esinati anadzuka pamphasa yekha, anayenda mpaka pampando, anapisa dzanja m'mbale ya bambo ake n'kutenga nsomba yonse, n'kuyamba kudya ataima pomwepo. Atsikana anazizidwa, akudikira mkwapulo. Bambo aja anangotsitsa mbale n'kuiika pansi patsogolo pake, anayamba kumuchotsera minga, misozi ikugwera pa malaya awo a kutchalitchi. Mwana anatafuna, anameza, n'kutambasula dzanja. Anati, "Ina."

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lamwano n'kuliyankha mwachifundo. Ndikuthokoza anamwino, amayi apampando, ndi mnansi wanga wolongolola uja. Inu amene mwana wanu akubwerera m'mbuyo ndipo mwayesa zonse, musataye mtima ndipo musafulumire kuloza chala mnzanu wa m'nyumba. Pitani naye kusikelo, pempherani ngakhale mawu akhale okalipa, ndipo thandizo likabwera ndi munthu amene simumufuna, musalikane. Koma lero lomwe, chakudya chikapsa, siyani miphika idikire. Khalani pansi pafupi ndi wamng'ono kuposa onse, mumuone mpaka ameze. Ambuye akusungireni ana anu monga anandisungira wanga. Amen.